Mafomu Oyela Ochokela kwa Mwape

Mtendere, Lusaka
7 Okutobala 2025

Okondedwa akulu anga Amake Jordan,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Muli bwanji kumeneko kwa Kalindawalo, inu, alamu ndi ana? Mwendo wa amai uli bwanji tsopano? Mwezi watha munati kutupa kwachepa koma kukhala pansi akukanabe, akuti nshawa sizidzisenda zokha. Muziwakalipila pang'ono, inu amakumvelani. Ine kuno m'thupi ndili bwino. Mumtima ndimo muli nkhani, ndipo ndiyo yandilembetsa kalata ino.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati anthu akale pomwe foni muli nayo. Foni yanu ndimaidziwa. Imaswela pa tchaji kwa aneba, ndipo uthenga ukalowa umawelengedwa ndi anthu atatu inu musanauone. Kalatayi ndapatsa Jessy wa amalume, amene akukwela basi mailo m'mawa, ndipo ndamuuza kuti aipeleke m'manja mwanu, osati kwa ana. Muyang'ane ngati envulopu yafika yomata. Mukawelenga musaisiye m'Baibulo, chifukwa amai akaipeza adzaitana wina kuti awawelengele.

Kuno kwatentha moti malata akulila okha masana. Madzi pampopi amabwela tsiku limodzi, masiku awili kulibe. Eni nyumba, amai Kasonde, amaima pakhomo n'kumandiwelengela zidebe ndi maso ngati ine ndiye ndikumaliza madzi a Lusaka yonse. Nshawa zija zinafika, zikomo kwambili. Koma thumba linafika lomangidwa ndi chingwe cha pulasitiki, osati luzi lomwe inu mumamangila. Kondakitala akuti linamasuka lokha m'njila. Ndinangomuyang'ana, ndi mankhusu ali pa malaya.

Tsopano nkhani yeniyeni. Munamva kuti ndinalowa nchito pa bungwe la kafukufuku, koma sindinakuuzeni zonse. Sananditenge kwathunthu. Tilipo atatu amene akutiyesa kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo malo ndi amodzi chabe. Mwezi uno ukatha awili anyamula zikwama. Inu mukudziwa kuti ndinakhala zaka ziwili digili ili m'sutikesi, ine ndikugulitsa zovala za salaula za munthu wina pamsika. Kumeneko sindibwelelako. Ndiponso sindinaphunzile kuti ndizinyamulila mabwana mafaelo mpaka imvi. Ndikufuna ndione ndi maso anga nkhokwe za kwathu zitasintha, osati tizingolima chaka ndi chaka kudyetsa anankafumbwe.

Bungweli likufuna kudziwa kuti alimi a ku Petauke ndi ku Nyimba amataya chimanga chochuluka bwanji chikalowa m'nkhokwe, kaya ndi anankafumbwe, makoswe, chiswe kapena chinyontho. Chaka chamawa adzafunsa mabanja mazanamazana. Gawo langa ndi kupanga pepala la mafunso lomwe adzafunsile anthuwo. Mafunso makumi atatu ndi awili, ndipo anditengela miyezi itatu. Ndikudziwa alamu aseka, ati digili yonse ija kuti mwana azifunsa anthu za anankafumbwe. Aseke. Koma funso likakhala lopindika, mayankho onse amapindika, ndipo thandizo limapita kolakwika.

Abwana anga ndi amai Akabiwa, a ku Mongu, munthu wosakamba zambili. Tsiku loyamba anandiuza kuti pepala la mafunso ndi chida choyezela, ndipo chida chisanapite kwa anthu chiyenela kuonetsa zinthu ziwili. Choyamba, kuti chikuyezadi chinthu chomwe ukufuna kudziwa. Chachiwili, kuti ukayeza lelo n'kudzayezanso tsiku lina, chikupatsa yankho lofanana.

Ine ndinazimva msanga chifukwa ndinakumbuka meda yoyezela ya ogula chimanga aja obwela panjinga. Mukukumbuka ija anaifewetsa pamoto kuti mimba ikule? Ukathila lelo imadzaza pomwepo, ukathila mailo pomwepo. Sisintha, koma ndi yabodza. Ndiye palinso meda yong'ambika, yomwe lelo ikupatsa zina, mailo zina. Zonse ziwili n'zotaya. Pepala langa liyenela kukhala meda yoona komanso yosasintha, ndipo pa 23 mwezi uno ndiyenela kuimilila pamaso pa akuluakulu a bungwe kuonetsa umboni wake. Tsiku lomwelo ndi lomwe asankhe wotsala mwa ife atatu.

Umboniwo umapezeka chonchi. Umasankha mabanja owelengeka, n'kuwafunsa mafunso onse. Umadikila masabata awili kuti aiwale zomwe anayankha, n'kubwelelanso kwa anthu omwewo ndi mafunso omwewo. Ukatelo umaika mapepala awiliwo pamodzi. Funso lomveka bwino anthu amaliyankha pafupifupi chimodzimodzi. Funso losokoneza, munthu yemweyo lelo ati inde, tsiku lina ati iyai, ndiye umadziwa kuti lifunika kukonza kapena kuchotsa.

Tinagwilizana kuti tifunse mabanja makumi awili kwanuko kwa Kalindawalo ndi makumi awili kwa Mwape. Kwanuko anafunsa ndi a Simon Choolwe, aphunzitsi aja aatali amene amayenda ndi njinga yofiila, muyenela kuti munawaona akuzungulila ndi mapepala mwezi watha. Kwa Mwape kunalibe munthu. Apa ndi pomwe ndinadzimangilila ndekha. Ndinauza amai Akabiwa kuti ndikudziwako munthu wina wokhala komweko, wopambana bwino giledi 12, wolemba zowelengeka, wodziwika khomo lililonse. Ndinapeleka dzina la alongo athu a Conrad.

Sindinawauze kuti ndi alongo anga. Dzina lao ndi Daka, langa ndi Miti, poti atate ndi osiyana, ndiye papepala palibe chotilumikiza. Munthu wa ku Mongu angadziwe bwanji kuti tinayamwa bele limodzi? Pa bungweli salola kulowetsa m'bale osanena. Ndinadziwa, ndipo ndinatseka pakamwa. Ndinaganiza za mmene a Conrad akukhalila kuchikamwini kuja, zaka zinai opanda nchito, kulima munda wa eni, kudya moyang'anidwa. Amene achita bwino pa kuyesaku adzatengedwa pa kafukufuku wamkulu wa chaka chamawa, miyezi isanu ndi umodzi, ndi njinga ya bungwe. Ndinati nawonso aziyenda m'mudzimo mutu uli m'mwamba.

Mafomu anafika sabata yatha. Ndinayamba kutsegula a a Choolwe. Akulu anga, mukanaona uve wake. Pena padontha msuzi, pena mwana wapondapo, ena akununkha utsi. M'mphepete analembamo tizinthu tambili: uyu wakana kuyankha, uyu akuti afunse amuna ake, uyu wandithamangitsa akuti ndabwela kudzawelenga nkhokwe yake kuti ndimutumizile afiti. Nditafanizila ulendo woyamba ndi wachiwili, mafunso ambili anagwilizana, koma asanu ndi limodzi anasemphana kwambili.

Loipitsitsa linali funso la nambala 14, lofunsa kuti munakolola matumba angati ndipo aonongeka angati. A Choolwe analemba kuti anthu ambili anangowaseka. Ndani amawelenga matumba chimanga chili chosakonola m'nkhokwe? Wina anati ngolo zitatu, wina anati nkhokwe inafika pa chifuwa, wina anatchula nambala yongowachotsela mlendo pakhomo, ndipo ulendo wachiwili anatchula ina. Ndinachita manyazi. Ine mwana wobadwila pafupi ndi nkhokwe kulemba funso ngati munthu wa mu ofesi amene chimanga amachionela m'sitolo. Koma manyazi amenewo ndi abwino, chifukwa ndiyo nchito ya kuyesa. Funsolo ndalikonza kale, tsopano likufunsa ngolo ndi msinkhu wa nkhokwe.

Kenako ndinatsegula a kwa Mwape.

Oyela mbee. Opanda khwinya, opanda fungo, ngati sanachoke m'envulopu. Palibe wokana, palibe woti sindikudziwa, palibe danga losiyidwa. Pa nambala 14 anthu onse makumi awili, ndi nkhalamba zomwe, anatchula matumba bwinobwino, awa makumi atatu, aonongeka anai, awa khumi ndi asanu, aonongeka awili. Ndipo ulendo wachiwili unafanana ndi woyamba funso lililonse, banja lililonse, osaphonya ngakhale pamodzi. Pa fomu ya nambala 9 analakwitsa kulemba dzina la mudzi n'kufufuta. Pa fomu yachiwili ya banja lomwelo, yomwe akuti inalembedwa patapita masabata awili, analakwitsa pomwepo n'kufufutanso chimodzimodzi.

Poyamba, ndisakunamizeni, ndinakondwa. Nditalowetsa mu kompyuta inaonetsa kugwilizana kwathunthu, ndipo mnzanga wina mwa awili aja anati pepala langa ndi la mwai. Mmene ananenela mwai umenewo sindinakonde. Ndikumudziwa, akudikila kuti nditelele. Ndinatenga zonse kupita nazo kwa amai Akabiwa ndikuyenda mothamanga.

Anawayang'ana nthawi yaitali. Anatenga fomu imodzi ya a Choolwe n'kuinunkhiza, anatenga ya kwa Mwape n'kuinunkhizanso. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti: "Rabecca, ine mukandifunsa lelo zomwe ndinadya sabata yatha, n'kudzandifunsanso pakapita masabata awili, sindingagwilizane ndi ine mwini chonchi. Anthu a kwa Mwape ndi angelo?"

Anafunsanso kuti Daka ameneyu ndinamudziwila kuti. Ndinati ndi wa kwathu. Sikunama, koma si zoona zonse, ndipo ndikuganiza kuti anaona. Sanakalipe. Anangoti pofika pa 23 ndibwele ndi yankho la momwe mafomuwa analembedwela, chifukwa ngati ali opeka, theka la umboni wanga lagwa, ndipo adzafuna kudziwa ngati wopekayo anapeka yekha kapena anachita kuuzidwa. Mwamva pamene pali mutu wanga? Akuganiza kuti mwina ndine ndinakonza kuti pepala langa lioneke lopanda chilema. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyelele, ndipo nyelelezo akuziyang'ana mwa ine.

Nditabwelela pa tebulo langa ndinawelenga maina a ofunsidwa mmodzimmodzi, chinthu chomwe ndikanachita poyamba ndikanakhala wosapupuluma. Nambala 7 ndi apongozi ao a Conrad, amai ake a alamu athu a Consolata. Nambala 8 ndi ang'ono ao a apongoziwo. Nambala 11 ndi amalume ake a Consolata, eni mbumba. Nditawelenga bwino, mwa makumi awiliwo khumi ndi atatu ndi akuchikazi.

Akulu anga, inu ndi ine tinaona ndi maso pa ukwati paja. A Conrad akaona apongozi ao akubwela m'njila amapatukila kutchile ngakhale muli chitedze. Sadya poonekela iwo, sawatchula dzina, akafuna kunena kanthu amatuma akazi ao. Ndiye mundiuze kuti munthu ameneyo anakoka mpando, kukhala maso ndi maso ndi apongozi, bopeni m'manja, n'kuwafunsa kuti m'nkhokwe mwanu mwatsala zingati, amalowamo ndani, ndipo chimanga chikagulitsidwa amalamula ndani pakhomo pano? Kawili konse? Mkamwini kuwelenga nkhokwe ya apongozi! Tsiku lomwelo akanamumangila katundu.

Apa cholakwa ndi changa, ndikuvomela. Kusukulu anatiphunzitsa kuti wofunsa akhale munthu amene anthu amamudziwa, kuti amasuke. Ine ndinangotenga zimenezo n'kuthamanga nazo. Ndinaiwala kuti kwathu kudziwika kulipo kwa mitundu iwili. Pali kudziwika kotsegula pakamwa, pali kudziwika kotseka. A Choolwe ndi mlendo, Mtonga, akhoza kufunsa chilichonse anthu n'kungoti sadziwa mwambo, tiwakhululukile. A Conrad sangatelo. Ndinawatuma nchito yomwe sakanatha kuigwila, ndipo iwo sakanatha kundiuza kuti sangathe, chifukwa ndani amakana nchito atakhala zaka zinai?

Loweluka ndinawaimbila. Netiweki ya kumeneko mukuidziwa, mpaka akwele pachulu. Anayankha mokondwa, akunditcha abwana a ku Lusaka, akufunsa ngati njinga ija idzakhale ya magiya. Nditafunsa ngati anafikadi khomo lililonse kawili anati inde, n'kulumbila. Nditafunsa kuti nanga apongozi anawafunsa bwanji, anaseka, akuti zimenezo ndi za akuluakulu, mwana sangazimve. Nditafunsa za matumba pa nambala 14 anati anthu a kwa Mwape ndi otsogola kuposa a kwa Kalindawalo. Nthabwala zokhazokha, monga mwa masiku onse. Ndiye ndinawauza mosabisa kuti mafomu afanana mopitilila muyeso ndipo abwana akukayika. Kenako anati:

"Iwe Rabe, si iwe unandiuza kuti mayankho akasiyana pepala lako ligwa, nchito ikuthela? Manje afanana, ukulilanso chiyani?"

Foni inaduka pomwepo. Kaya ndi netiweki kaya ndi chala, sindikudziwa. Ndaimbanso kasanu, sikulowa.

Mau amenewo ndi zoona, ndinanenadi. Tsiku lomwe ndinkawaphunzitsa kadzazidwe ka fomu ku Nyimba ndinali ndi mantha anga, ndipo ndinawauza ngati mlongo kuti ndikupemphela mayankho adzagwilizane. Wofunsa sayenela kudziwa zomwe wopanga mafunso akulakalaka. Zimenezo zili m'buku loyambilila. A Choolwe sindinawauze. A Conrad ndinawauza chifukwa ndi a Conrad. Mwina m'mutu mwao anali kundithandiza. Koma thandizo limeneli ndi lija lokuchotsela ntchentche pamphumi ndi nkhwangwa.

Ndaganizaganiza, ndipo ndikuona kuti zinayenda mwa njila imodzi mwa izi. Mwina anafunsadi ulendo woyamba, pena okha pena kudzela mwa alamu a Consolata, ndiye wachiwili anangokopela pansi pa mtengo. Zikakhala choncho china chingapulumuke. Mwina anapitadi kawili, koma ulendo wachiwili ankawelengela anthu mayankho akale n'kumati si mmene munanenela, anthu n'kumangoti eee kuti apite. Kapena sanafunse munthu aliyense, anakhala m'nyumba masana awili ndi akazi ao n'kumayeza nkhokwe za mudzi wonse ndi maso a m'mutu. Inki ya mafomu onse makumi anai ndi imodzi, ndipo ikuyamba kuzilala pa nambala 16 ulendo woyamba n'kupitiliza kuzilala mpaka kumapeto kwa wachiwili, ngati bopeniyo sinagwile nchito ina iliyonse pakati pa masabata awiliwo. Mtima wanga ukundiuza kuti ndi njila yachitatu. Koma mtima si umboni, ndipo sindifuna kupachika mlongo wanga pa inki.

Ndiye pempho langa ndi ili, limodzi chabe. Mupite kwa Mwape sabata ino kapena yamawa. Chifukwa chopitila chilipo kale, khanda la alamu a Consolata simunalione chibadwile, ndipo palibe angadabwe kuona atate aakazi atabwela ndi kansalu. Mugoneko masiku awili. A Conrad musawafunse kanthu, angakusekeni mpaka muiwale chomwe mwabwelela. Alamu a Consolata musawafunsenso, adzaikila kumbuyo amuna ao, ndipo sindiwaimba mlandu.

Mufunse apongoziwo. Inu ndinu mkazi, mukhoza kukhala nao pamphasa n'kumasenda nshawa. Mungoyamba ngati nkhani, kuti kwathu kunabwela aphunzitsi ndi mapepala kudzafunsa za anankafumbwe, kaya kuno anafika? Musatchule dzina langa, musatchule bungwe. Mumve ngati kunabwela munthu, anali ndani, anabwela kangati, ndipo anafunsa zotani. Mukatelo mufunsenso makomo awili kapena atatu omwe si akuchikazi. Maina ndalemba kuseli kwa pepala lino. Wina ndi bambo wa kumapeto kwa mudzi amene fomu ikuti ali ndi nkhokwe ziwili. Mungodutsako n'kuwelenga nkhokwezo ndi maso anu.

Mukabwelako musandiuze pa foni yanu. Mupite ku Petauke, mubweleke foni ya Jessy, mundiimbile pasanafike pa 20 kuti nditsale ndi masiku okonzekela.

Tsopano ndinene chinthu chomwe mukwiye nacho. Ndikukudziwani, akulu anga. A Conrad munawabeleka kumsana ndinu amai ali kumunda. Ataswa njinga ya amalume munati ndinu. Atathawa mayeso a giledi 9 ulendo woyamba munauza amai kuti anadwala malungo. Simunanamepo kuti mupindule inu, koma kunamila a Conrad ndiye mumatha osaphethila. Ndikuopa kuti mukafika kumeneko, mukaona khanda, mukaona mmene akuwayang'anila akuchikazi, mudzandiimbila n'kunena kuti zonse zili bwino, Rabe, anafunsa ndithu.

Chifukwa chake ndatumanso munthu wina. Ali ku Nyimba, si wa m'banja mwathu, ndipo dzina sindikuuzani. Iye sakudziwa kuti ndatuma inu. Adzapita tsiku lake, adzafunsa makomo ake, ndipo ine ndidzaika mau anu ndi ake pamodzi monga ndimachitila ndi mafomu. Mukhoza kunena kuti Lusaka yandiononga, kuti ndafika poyeza mkulu wanga ngati meda ya pamsika. Mwina ndi zoona. Ndikanatha kubisa, koma ndabisa kale chinthu chimodzi chaka chino ndipo mwaona pomwe chandifikitsa. Ndasankha kuti mukwiye mukudziwa.

Ndikuuzeninso zomwe ndidzachite, kuti musadzati sindinanene. Yankho lililonse lomwe mubweletse, pa 23 ndidzauza amai Akabiwa kuti Daka ndi mlongo wanga wa mimba imodzi ndipo ndinabisa. Pamenepo mwina nchito yathela pomwepo, mwina adzaona kuti mafomu a a Choolwe ndi funso lomwe ndakonza ndi nchito ya munthu woona. Sindikudziwa. Koma ngati zidzapezeka kuti a Conrad sanafunse anthu, ndidzanenanso zimenezo, ndi dzina lao, ndipo mafomu makumi anaiwo ndidzawachotsa ndi manja anga. Njinga sadzaiona, nchito ya chaka chamawa sadzaiona, ndipo m'mudzi muja adzadziwa chifukwa chake, pakuti anauza kale aliyense kuti alowa nchito ya ku Lusaka. Ndikudziwa chomwe chidzatsatile. Amai adzati ndagulitsa mlongo wanga chifukwa cha mpando wa mu ofesi. Pa Khisimasi mwina sindidzapeza wondilandila chikwama.

Ndayesa kuganiza njila yowapulumutsila. Ndikhoza kusintha mayankho angapo pa mafomu achiwili, kudonthezapo tiyi, kuwapinda pang'ono, n'kunena kuti kompyuta ndiyo inalakwitsa. Lamulungu ndinakhala ndi bopeni m'manja nditatsegula fomu ya nambala 7. Koma pepala limeneli likadutsa ndi bodza, chaka chamawa lidzapita m'midzi yonse ndi mafunso omwe sanayesedwe kwa Mwape, ndipo zomwe lidzabweletse ndizo akuluakulu adzagawile thandizo la nkhokwe. Pakati pa makomo amenewo pali lanu, pali la amai, pali la apongozi omwewo. Ndinabweza bopeni m'chikwama.

Ndiye chonde, akulu anga, mundibweletsele zomwe mukamve, osati zomwe mukufuna kuti ndimve. Zikakhala kuti ndawaganizila zoipa pachabe, ndidzakwela basi ndekha kukagwada pamaso pao kwa Mwape, apongozi ao akuona. Palibe chomwe ndikuchifuna kuposa kuti ndichite manyazi amenewo.

Mupeleke moni kwa amai, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ndapatsa Jessy, azipaka m'mawa ndi madzulo, asagawile mpingo wonse. Moni kwa alamu atate ake Jordan, muwauze kuti anankafumbwe a digili akuwapatsa moni. Moni kwa Jordan ndi Rachael, alimbikile sukulu. Moni kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa amai aang'ono a ku Sasare mukawaona. Mukafika kwa Mwape mundigwilile khanda pa tsaya, ndipo alamu a Consolata muwafunile mphamvu ngati zochokela kwa inu.

A Conrad okha musawapatse moni wanga. Akaumva adzadziwa kuti ndakulembelani.

Ndine mng'ono wanu,
Rabecca Miti